TELALA WA KU RENO NDI MWINI SITOLO WA KU SAN FRANCISCO

Munthu akamasanthula mulu wa mabuluku a jinzi pa msika wa kaunjika, nthawi zina amapeza buluku lokhala ndi kachikopa kumbuyo, pamene pamapita lamba. Pa kachikopapo pali chithunzi cha akavalo awiri alikukoka buluku limodzi, wina kuno wina uko. M'ngodya za matumba ache a kutsogolo muli timisomali ta mkuwa. Dzina la buluku limeneli ndi Levi's, ndipo lasokedwa kwa zaka zoposa 150.

Phunziro la mwezi uno liri pa buluku limeneli: m'mene linayambira pa tebulo la telala mmodzi wosauka, ndi m'mene linakhalira dzina lodziwika pa dziko lonse. Matelala a m'makonde a masitolo ndi onse ofuna kuyamba malonda a zovala apezamo funso limene limawavuta iwonso. Munthu akapeza kasokedwe kabwino kamene anzache sakadziwa, sipapita miyezi yambiri anzachewo asanakaone ndi kukatengera. Nanga tsono iye atsala ndi chiani?

Anthu awiri

Levi Strauss anabadwa m'chaka cha 1829 m'mudzi wa Buttenheim, m'chigawo cha Bavaria ku Germany. Anali Myuda, ndipo masiku amenewo malamulo a kumeneko anali kupanikiza Ayuda pa za nchito, za malo okhala, ngakhalenso za ukwati. Atate wache atamwalira ndi chifuwa chachikulu, iye anaoloka nyanja pamodzi ndi amai wache ndi alongo ache asanakwanitse zaka 20, nakafika ku New York kumene akulu ache awiri, Jonas ndi Louis, anali ndi malonda a nsalu. Kumeneko ndiko anaphunzira kugula ndi kugulitsa.

M'chaka cha 1848 kunapezeka golide ku California, kumadzulo kweni-kweni kwa America, ndipo anthu zikwi-zikwi anathamangira komweko. Levi anafika ku San Francisco m'chaka cha 1853, koma sanagwire fosholo. Anatsegula sitolo yopikulitsa nsalu, mabulangete, mipango, maambulera ndi zovala zosoka-soka, ndipo eni timasitolo ta ku migodi ndi m'matauni ang'ono-ang'ono ankadzapikula kwa iye. Anachita nchito imeneyi zaka 20, nalemera ndithu.

Pali nthano yoti Levi atangofika anadula nsalu ya mahema nasokera anthu a ku migodi mabuluku. Nthanoyi inafala kwambiri, koma si yoona. Levi sanali telala, ndipo zaka 20 zonsezo sanali kusoketsa mabuluku a misomali. Chuma chache cheni-cheni chinali china: ankadziwa eni masitolo ambiri-mbiri, iwo ankamkhulupirira, ndipo katundu wache anali ndi njira zofikira kwa iwo.

Telala anali Jacob Davis, Myuda mnzache, wobadwira ku Riga m'chaka cha 1831. Iye anafika ku America m'chaka cha 1854, nayenda-yenda kwambiri, mpaka ku Canada. Anayesa malonda a fodya, anayesa a mowa, koma zonse zinam'kanika. Potsiriza anakhazikika m'tauni ya Reno ku Nevada, pa njanji yatsopano, nabwerera ku singano yache. Ankasoka mahema, nsalu zophimba ngolo ndi mabulangete a akavalo. Nsalu zache ankagula ku sitolo ya Levi Strauss.

Timisomali ta pa tebulo

Chakumapeto kwa chaka cha 1870 kunadza mai wina kwa Davis kudzasoketsa buluku la mwamuna wache, munthu wamkulu thupi amene nchito yache inali yodula nkhuni. Mabuluku a m'sitolo sankam'khalitsa. Maiyo anafuna lolimba, nalipira madola 3.

Davis anatenga nsalu yokhuthala ya thonje, ya mtundu wosokera mahema, nasoka. Atatsiriza, maso ache anagwa pa timisomali ta mkuwa timene tinali pa tebulo, tomwe ankakhomera malamba a mabulangete a akavalo. M'Chingerezi timatchedwa rivet. Kamsomali kameneka kamaboola nsalu, ndipo kuseri amavekako kamphete nakhoma ndi nyundo, kotero kuti nsalu ziwiri zimapanidwa pamodzi osatha kulekana. Davis anakhoma timisomalito m'ngodya za matumba.

Telala aliyense adziwa chifukwa chache anasankha pamenepo. Buluku la munthu wa nchito siliyamba kutha pakati pa nsalu. Limayamba pa ngodya ya thumba, pamene msoko umathera, pakuti mwini wache amapisamo dzanja kambiri-mbiri pa tsiku, naikamo mpeni, nyundo kapena miyala. Ulusi umodzi wa pangodya ukaduka, msoko wonse umatsatira. Davis sanapeke nsalu yatsopano kapena makina atsopano. Timisomalito tinalipo kale, buluku linalipo kale. Iye anangoona pamene pamang'ambika, naikapo chitsulo m'malo mwa ulusi.

Mbiri inamveka pakati pa oyendetsa ngolo ndi anthu a pa njanji. Pa miyezi 18 Davis anagulitsa mabuluku ngati 200. Aphunzitsi angathe kupatsa ana samu imeneyi: mabuluku 200 pa miyezi 18 ndiye kuti 11 pa mwezi, ndipo pa mtengo wa madola 3 ndalama zonse ndi madola 600, osachotsa za nsalu. Kwa telala mmodzi zinali zabwino ndithu. Koma samu yomweyo ionetsanso malire ache. Manja ache anali awiri okha, ofuna mabuluku anali kuchuluka koposa m'mene akanathera kusoka, ndipo matelala ena a pafupi anali atayamba kusuzumira.

Kalata ya chaka cha 1872

Ku America, monga m'maiko ambiri, munthu wopeza luso latsopano angathe kulilembetsa ku Boma, ndipo Boma limampatsa kalata yotchedwa patent. Kalatayi imaletsa wina aliyense kupanga kapena kugulitsa chinthucho popanda chilolezo cha mwini luso, koma kwa zaka zowerengeka chabe. Masiku amenewo zinali zaka 17. Zikatha, luso limakhala la aliyense.

Kulembetsa kunafuna madola 68, ndipo Davis, amene anali ndi banja lalikulu, sanathe kutulutsa ndalamazo. M'mwezi wa July, 1872, analembera kalata Levi Strauss. M'kalatamo anaikamo ndalama zolipira nsalu imene anatenga, natumizanso mabuluku achitsanzo. Anaulula kuti chinsinsi chonse chiri pa timisomali, nanena kuti anansi ache ayamba kuchita nsanje. Pempho lache linali lakuti Levi alipire madola 68 aja, ndipo phindu la patent agawane pakati.

Ambiri angati Davis anapusa, kuulula chinsinsi kwa munthu wachuma asanachilembetse, ndi kupereka theka la luso lache chifukwa cha madola 68 okha. Kunena zoona, ngozi inalipo, pakuti Levi akanatha kungotenga nzeruyo nakhala chete. Koma Davis sanalembere mlendo. Analembera munthu amene anachita naye malonda, amene ankadziwa kuti telala wa ku Reno amabweza ngongole zache. Ndiponso chimene anali kugula ndi theka lija sichinali madola 68 okha ai. Anali kugula nsalu yambiri pa mtengo wopikulira, ndalama zolembera osoka, anthu oima naye pa milandu, ndi njira zonse zija zopita ku masitolo. Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Davis akanaumirira kusenza yekha, bwenzi matelala anzache atam'landa luso lache chaka chisanathe.

Levi anavomera. Pa 20 May, 1873, Boma la America linapereka patent nambala 139,121 kwa Jacob Davis ndi kampani ya Levi Strauss. Davis anasamukira ku San Francisco ndi banja lache, nakhala kapitao wa nchito yonse yosoka. Poyamba nsalu zodula-dula zinkaperekedwa kwa amai osokera m'nyumba zao, koma malonda atakula anatsegula mafakitale. Anthu ena anayesa kukhoma timisomali popanda chilolezo, ndipo kampani inawatengera ku bwalo la milandu. Zambiri zodziwika za mai uja ndi buluku loyamba zinachokera mu umboni umene Davis anapereka pa milandu yotere.

Nsalu imene inapambana inali denim, yochokera ku fakitale ya Amoskeag ku New Hampshire. Poiomba, ulusi woyenda m'litali amaunyika mu utoto wa indigo, wa mtundu wonga biriwita, koma ulusi wopingasa amausiya woyera. Ndicho chifukwa chache jinzi limakhala loyererako mkati. Utotowo sulowa mpaka pakati pa ulusi, kotero buluku limasuluka pang'ono-pang'ono m'maondo ndi m'matumba koma nsalu iri yolimbabe, ndipo likachapidwa kawiri-kawiri limafewa. Anthu a nchito anaikonda koposa nsalu ya mahema ija.

Pali chinthu chimodzi cha zaka zimenezo chosayenera kubisidwa. Ku San Francisco kunali chidani chachikulu pa anthu ochokera ku China, amene ambiri a iwo anali osoka. Kampaniyi inatsata mphepo imeneyo, nilengeza kuti zovala zache zimasokedwa ndi Azungu okha-okha. Anachita zimenezi pofuna kukondweretsa ogula, ndipo chinali chinthu choipa.

Akavalo awiri

Apa ndipo pali mtima wa phunziroli. Eni kampani anadziwa kuti m'chaka cha 1890 patent idzatha, ndipo kuyambira pamenepo fakitale iriyonse idzakhala ndi ufulu wokhoma timisomali. Chimene chinawalemeretsa chinali pafupi kukhala cha aliyense. Sanadikire kuti tsikulo liwapeze ali m'tulo.

Kuyambira pachiyambi, thumba la kumbuyo linali ndi misoko iwiri yokhota ngati mapiko a mbalame, yosokedwa ndi ulusi wofiirira wofanana ndi mkuwa. Misokoyi inali yongozindikiritsa. Ndipo m'chaka cha 1886, kutatsala zaka 4, anaika chithunzi cha akavalo awiri pa kachikopa kaja. Nzeru yache inali iyi: ambiri a ogula anali alendo ochokera m'maiko osiyana-siyana, osadziwa Chingerezi, ndipo ena sankatha kuwerenga konse. Munthu wotere sakanatha kuwerenga dzina la Levi Strauss, koma akanatha kulowa m'sitolo nanena kuti afuna buluku la akavalo awiri. Chithunzicho chinkanenanso chokha chimene kampani inafuna kunena, kuti ngakhale akavalo alikoke, buluku siling'ambika. Owerenga adziwa m'mene anthu a m'midzi amaitanitsira machesi, sopo kapena khasu potchula chinyama kapena chithunzi cha pa chikuto. Nzeru yache ndi yomweyo.

Koma chithunzi chokha ndi utoto chabe. Kampani inaonjeza lonjezo lakuti buluku likang'ambika, mwini wache alandira lina kwaulere. Lonjezo lotere ndi loopsa kwa wosoka mwaulesi, pakuti limam'gwetsa msanga. Wolipereka ayenera kuyang'anitsa nsalu iriyonse ndi msoko uliwonse katundu asanatuluke, ndipo imeneyi ndiyo inali nchito ya Davis kufikira ukalamba wache. Chizindikiro chiri ndi mphamvu pokhapo ngati wogula, atabvala chaka chathunthu, apeza kuti sichinam'namize.

Chaka cha 1890 chitafika, opikisana nao anadzadza masitolo ndi mabuluku a misomali otsika mtengo. Kampani sinapeputse buluku lache lapamwamba kuti ilingane nao. Inalipatsa nambala 501, imene likudziwika nayo mpaka lero, ndipo inasokanso lina la nsalu yotsikirapo, nambala 201, la anthu a ndalama zochepa. Motero wosauka sanapite kwina, ndipo dzina la 501 silinaipitsidwe. Matelala ambiri amalakwa pomwepa: mnzao akatsitsa mtengo, iwo amachepetsa ulusi ndi nsalu mwakachetechete pa chobvala chomwe chija chinawatchukitsa, ndipo ogula sachedwa kuzindikira.

Moto wa chaka cha 1906

Levi Strauss anamwalira m'chaka cha 1902. Sanakwatire, ndipo kampani anaisiyira ana anai a mlongo wache, a banja la Stern, amene anali atagwira naye nchito kale. Kwa anthu otsata mwambo wa kuchikazi, zoti chuma cha atsibweni chipite kwa ana a mlongo wao si zachilendo. Koma kumeneko zinatero chifukwa chakuti mwini wache analibe mwana.

M'mwezi wa April, 1906, chibvomezi chachikulu chinagwedeza San Francisco, ndipo moto umene unatsatira unapsereza maofesi, mafakitale, katundu ndi mabuku onse a kampani. Ndicho chifukwa chache nthano zonga ya nsalu ya mahema zinapeza malo. Anyamata a Stern anapitiriza kulipira anchito ao ngakhale makina anali phulusa, ndipo eni masitolo amene anapsereredwa nawonso anapatsidwa katundu pa ngongole kuti ayambirenso. Chaka chomwecho anamanga fakitale yatsopano mu msewu wa Valencia. Patent inali itatha zaka 16 zapitazo, nyumba zinali zitapsa, Levi anali kumanda. Komabe anthu anabwera kudzafunsa buluku la akavalo awiri. Davis anamwalira m'chaka cha 1908.

Kumvera ogula

Zaka zotsatira, buluku linasinthidwa pang'ono-pang'ono monga mwa zofuna za olibvala. M'chaka cha 1922 anasokerapo timalupu ta lamba, pakuti amuna anali kuleka zingwe za pamapewa. M'chaka cha 1934 anasoka loyamba la akazi. M'chaka cha 1936, poona kuti makampani ena alikutengera misoko yokhota ija, anasokerera kansalu kofiira m'mbali mwa thumba la kumbuyo kuti buluku lao lizindikirike munthu ali patali.

Chosangalatsa koposa chinachitika m'chaka cha 1937. Anthu anali kudandaula kuti timisomali ta m'matumba a kumbuyo tirikukanda zishalo za akavalo, mipando ya m'nyumba ndi mabenchi a m'sukulu. Timisomali timeneti ndito tinali maziko a kampani yonse, ndipo munthu wonyada akanayankha kuti wosafuna aleke. Iwo anatibisa kunsi kwa nsalu, ndipo patapita zaka ngati 30 anatichotseratu kumbuyoko, naikapo msoko wokhuthala wa makina. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, Boma litaletsa kuononga ulusi pa zokometsera, misoko yokhota ija anaijambula ndi utoto, kuti thumba lisatuluke lopanda chizindikiro.

Pa nthawiyi mtsogoleri anali Walter Haas, mkamwini wa banja la Stern, amene analowa m'kampani m'chaka cha 1919. M'chaka cha 1948 analeka malonda opikulitsa katundu wa ena, amene Levi anayamba nao, kuti mphamvu zonse zipite pa zobvala za dzina lao. Kanema anawathandiza popanda kum'pempha. Zithunzi za abusa a ng'ombe okwera pa akavalo zinachititsa anthu a m'mizinda kusirira chobvala cha anthu a nchito, ndipo m'zaka za m'ma 1950 achinyamata anachitenga kukhala chao, Marlon Brando atabvala jinzi m'kanema wa chaka cha 1953 wotchedwa The Wild One. Masukulu ena analetsa jinzi, ndipo kuletsako kunangoonjezera chilakolako. M'chaka cha 1960, potsegula fakitale ku Blackstone m'chigawo cha Virginia, kumene tsankho linali lolimba, kampani inaumirira kuti anthu akuda ndi Azungu asokere m'chipinda chimodzi, ngakhale akulu-akulu a m'tauniyo sanafune. Panali patapita zaka zambiri chilengezere za Azungu okha-okha zija.

Dzina lalikulu nalonso limaodzera. M'chaka cha 1996 kampani inagulitsa katundu wa madola 7.1 biliyoni, koma pofika 2003 malonda anatsika kufika pafupi madola 4 biliyoni. Achinyamata anali atayamba kukonda masokedwe ena, ndipo kwa iwo Levi's linali buluku la atate ao. Makampani a zobvala zodula anatenga ogula a ndalama, masitolo akulu osoketsa majinzi ao-ao otchipa anatenga otsalawo, ndipo eni akavalo awiri anachedwa kumva zimene zinali kunenedwa m'misika. Amene analipira kuchedwako anali osoka. M'chaka cha 1997 kampani inalengeza kutseka mafakitale 11 nthawi imodzi, ndipo kuchiyambi kwa 2004 inatseka otsiriza ache a ku United States, mu mzinda wa San Antonio. Kuyambira pamenepo mabuluku ambiri a dzinali amasokedwa ndi mafakitale a eni ena m'maiko a malipiro otsika, ndipo ena asokedwapo ku Lesotho. Kampani inadzukanso pambuyo pache, ndipo m'chaka cha 2019 inayambanso kugulitsa magawo ache pa msika wa ku New York, a banja la Haas ali ndi mphamvu zambiribe.

Fakitale ya mu msewu wa Valencia, yomangidwa pa phulusa la 1906, inaleka kusoka m'chaka cha 2002. Nyumbayo sanaigwetse, anaikonza nisanduka sukulu ya ana.